Duku Lofiira la pa Nkaya

Azakhali anga adagulitsa malonda pa siteshoni ya Nkaya kwa zaka zoposa 20, ndipo tsiku lililonse la sitima ankamanga duku limodzimodzi, lofiira psuu. Maduku ena anali nawo m'sutikesi, a ku tchalitchi ndi a ku maliro, koma sitima ikamabwera ankatenga lomwelo. Likasuluka ankapita ku Balaka kukasaka lina la mtundu womwewo. Ine ndinali mnyamata wa ku pulayimale, wowanyamulira beseni pa tchuthi, ndipo tsiku lina ndidawafunsa chifukwa chake. Adandiyankha akusanja matemba m'lichero, osatukula n'komwe mutu: "Mwanawe, munthu ali pa zenera la sitima saona nkhope, amaona mtundu. Akaona kufiira wadziwa kuti ndafika."

Mawu amenewa adandibwerera mwezi wa Julaye chaka chatha, nditapita kumudzi kukazonda mlongo wanga. Kuseri kwa nyumba ndidapeza mwana wake wamkazi atatsamiritsa foni pa njerwa ziwiri, iye atagwada pafupi ndi mphasa yodzaza malambe, akulankhula ndi foniyo monga alankhulira ndi mlendo. Adabwereza katatu mpaka adakhutira. Madzulo atandionetsa mavidiyo ake ena, ndidaona kuti m'onsemo wavala chitenje chimodzi chachikasu. "Amalume," adatero, "anthu pa foni amangothamangitsa chala. Akaona chitenje ichi ndiye amaima." Mwanayu adabadwa azakhali atamwalira kale, ndipo palibe adamuuzapo za duku lija. Chichokereni kumudziko mtima wanga wakhala pa nkhani imeneyi, ya mmene wamalonda wa pa Nkaya wakhala akudzimangira dzina pamaso pa anthu odutsa.

Dzina la Nkaya ndi la ufumu, koma chidalitchukitsa ndi njanji. Njanji yochokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, idafika ku Blantyre mu 1908. Mu 1935 adamaliza kuitalikitsa chakumpoto, kuwoloka Shire, kudutsa kwathu kuno ndi pa Balaka mpaka ku Salima, ndipo chaka chomwecho mlatho wa Dona Ana pa Zambezi udatsegulidwa, sitima n'kumayenda ulendo umodzi mpaka ku Beira. Kwa zaka 35 zotsatira malo athu anali pongodutsa. Zinthu zidasintha mu 1970, pamene boma la Kamuzu Banda, ndi ngongole yochokera ku South Africa, lidatsegula njanji ya makilomita 101 kuchoka pa Nkaya, kudzera ku Liwonde mpaka ku Nayuchi, kukalumikizana ndi ya Apwitikizi yopita ku Nampula ndi ku doko la Nacala. Nkaya adasanduka mphambano. Njanji ya kumpoto itafika ku Lilongwe mu 1979 ndi ku Mchinji mu 1980, katundu wa chigawo chapakati wopita ku nyanja yamchere ankakhotera pakhomo pathu.

Pa mphambano sitima siingodutsa. Imadikira inzake, amaidula mabogi, anthu ena amatsika kudikira yopita kwina. Kudikira kumeneko ndiko kudabala msika. Amayi a m'midzi yozungulira ankabwera ndi zitumbuwa, mbatata yophika, nzimbe, chimanga chowotcha, masau ndi bwemba pa nyengo yake, anyamata ndi mbewa zopanika pa timitengo. Azakhali ankapikula matemba kwa asodzi ndi amalonda otsika ndi sitima ya ku Nayuchi, ochokera ku nyanja ya Chilwa, n'kumawagulitsa kwa anthu opita ku Limbe ndi ku Salima.

Amene sadaimepo pansi pa zenera la sitima ndi lichero pamutu sangadziwe kuchepa kwa nthawi ija. Sitima ikaima, amalonda onse amathamangira pamodzi, aliyense akufuula chake, ndipo wokwera amaona nyanja ya malichero pansi pake. Ali ndi ndalama yochepa, ali ndi mantha kuti sitima inyamuka asadalandire chenji. M'kanthawi kameneko amasankha munthu mmodzi. Azakhali adaphunzira zimenezi mwakuti ndikazikumbukira lero ndimagoma. Sankathamanga ndi gulu. Ankaima malo amodzimodzi, pafupi ndi pamene bogi yachiwiri ya anthu wamba inkaimira. Sankafuula dzina la malonda lokha monga anzawo, koma ankayamba ndi moni, m'Chichewa, m'Chiyao, kapena m'Chilomwe, malinga ndi nkhope zimene aziona, kenaka n'kutchula mtengo nthawi yomweyo kuti munthu asataye mpweya kufunsa. Ndalama ya kwacha idabwera mu 1971, koma iwo mpaka ukalamba wawo 10 tambala ankaitchula kuti sheleni, ndipo okalamba anzawo a m'sitima ankakondwa nazo. Mulu wa pamwamba pa lichero unkafanana ndi wa pansi. Basela ankaika wogula akuona, ndi dzanja lotambasula. "Malonda ndi m'maso," ankatero, ndipo kwa iwo tanthauzo lake linali lakuti wogula aone zonse, zabwino ndi zoperewera zomwe.

Ntchito yanga inali ya chenji. Ndinkathamanga m'mbali mwa njanji sitima itayamba kuyenda, dzanja lili m'mwamba, kuperekera makobidi pa zenera. Tsiku lina sitima ya ku Limbe idandisiya, chenji cha bambo wina chili m'manja mwanga. Ndidabwerera ndikulira. Azakhali sadandikalipire. Adatenga makobidiwo, kuwamanga pa kansanza, n'kuwapachika pa msomali m'nyumba, pamalo pamene sitinkagwirapo ngakhale mchere utatha. Padapita masabata angapo. Tsiku lina adamuona bambo uja pa zenera, adandituma kunyumba kukatenga kansanzako, ndipo adamupatsa anthu onse a m'bogimo akuona. Mwini wake anali ataiwala kale. Bamboyo ankagulitsa nsomba mu msika wa Limbe, ndipo kuyambira pamenepo ankatuma uthenga kwa ogwira ntchito m'sitima kuti a duku lofiira amusungire dengu lathunthu. Iye adauza anzake. Posakhalitsa theka la matemba a azakhali linkakhala ndi eni ake sitima isadafike.

Dzina lawo lenileni ogulawo sankalidziwa. Ku Limbe, ku Balaka, ku Liwonde ankangoti amayi a duku lofiira a pa Nkaya. Uthenga unkayenda m'kamwa mwa magadi ndi makondakitala a Malawi Railways, pena pa kapepala kopindidwa, ndipo katundu ankayenda pa chikhulupiriro, ndalama n'kubwera ulendo wotsatira. Azakhali ankasiyanitsa bwino anthu a pa zenera. Ambiri ankangosuzumira, ndipo amenewo sankataya nawo nthawi ngakhale ankawamwetulira. Amene wafunsa mtengo ankamuyang'anitsitsa kuti amusunge nkhope. Amene wagula kawiri ankamufunsa kwawo ndi za ana ake, ndipo ulendo wachitatu ankayamba ndi kufunsa za anawo.

Njira zina zomvekera kutali zinalipo, koma sizinali za anthu onga iwo. Wailesi ya MBC, imene idayamba mu 1964, inkalengeza malonda a makampani, sopo ndi feteleza ndi zakumwa. Munthu wamba dzina lake linkamveka pa wailesi akatumiza moni ku mapologalamu monga Zokonda Amayi, kapena pa mauthenga achisoni. Ena adatchuka ndithu ndi moni, mayina awo n'kudziwika dziko lonse, koma kutchukako sikunkagulitsa lichero la matemba. M'zaka za m'ma 1970, boma litalamula amwenye kuchoka m'malo a malonda a kumidzi kuti azikachita bizinesi m'mizinda ikuluikulu, magolosale a eni dziko adachuluka, ndipo akatswiri olemba zikwangwani adapeza ntchito. Mwini golosale ankalembetsa dzina lake pakhoma ndi utoto, pena ndi mawu okumbutsa za mavuto amene adadutsamo. Chikwangwani chinkadikira munthu kuti afike pomwepo. Duku la azakhali linkachita kumutsatira wogula pa zenera.

Kenaka nkhondo ya ku Mozambique idadula njira. Pofika 1984 njanji zonse ziwiri, ya ku Beira ndi ya ku Nacala, zinali zitatsekeka mbali ya kutsidya, ndipo katundu wa dziko lino adayamba kuzungulira pa msewu. Sitima za m'dziko momwemuno zinkayendabe, koma mphambano idazizira. Mtendere udasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992, ndiye anthu asadapume bwino, nyanja ya Chilwa idaphwa mu 1995. Matemba adasowa. Apa m'pamene ndidaona chinthu chimene mpaka lero ndimachilemekeza. Anzawo ambiri a nsomba adasiya geni. Azakhali adadzaza lichero ndi masau ouma, malambe ndi nandolo, adamanga duku lawo, n'kukaima pamalo pawo paja. Anthu amene ankagula matemba adayamba kugula nandolo. Bambo wa ku Limbe uja, yemwe nandolo sankachita naye malonda, adawalumikiza ndi mlamu wake amene ankagulitsa nyemba. Anthu ankakhulupirira munthuyo, ndiye chilichonse chimene wanyamula chinkalowa m'chikhulupiriro chomwecho.

M'zaka zomwezo, makilomita ochepa kumpoto kwathu, tauni ya Balaka inkationetsa njira ina yomangira dzina. Alleluya Band idayamba mu 1978, ndipo Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius adatuluka m'menemo. M'zaka za m'ma 1990 makaseti ojambulidwa ku Balaka ankagulidwa dziko lonse kudzera m'sitolo za O.G. Issa, mpaka dzina la Balaka lidasanduka dzina la kamvekedwe ka nyimbo. Pa chikuto cha kaseti panali nkhope. Lucius Banda, amene adatisiya pa 30 Juni 2024, anthu ankangoti Soja, ndipo dzinalo linkanena zonse: woimirira amphawi, wosaopa akuluakulu. Ife a m'midzi ya m'mbali mwa njanji tidaona koyamba kuti mwana wa kwathu konkuno akhoza kudziwika ku Karonga ndi ku Nsanje popanda kusamukira ku Blantyre. Mu 1998 Balaka idadulidwa ku Machinga kukhala boma palokha, ndipo mu Epulo 1999 Television Malawi idayamba kuulutsa. Kumudzi kanemayo ankafika mwa apo ndi apo. Chimene chidafika kwenikweni ndi nyumba za vidiyo, zotchinga ndi mphasa kapena masaka, jenereta ikulira kuseri, ana atapanikizana pa mabenchi. Poyamba munkaonetsedwa mafilimu a karate. Ma VCD atatchipa, oimba athu adayamba kuoneka pa kanema akuvina m'malo amene tinkawadziwa. Pambuyo pake kudabwera mamemore khadi ndi tinyumba tothiriramo nyimbo, vidiyo n'kumayenda m'thumba kuchoka pa foni ina kupita pa ina.

Pamene zithunzi zinkachuluka, mazenera a sitima ankachepa. Mu Disembala 1999 njanji idaperekedwa m'manja mwa kampani ya Central East African Railways. Maminibasi anali atadzaza kale m'misewu ya tala, ndipo munthu wopita ku Blantyre sankadikiranso sitima. Koma Nkaya sali pa tala. Amene adasiya sitima adasiyanso kudutsa kwathu. Sitima ya anthu idatsala yoyenda masiku owerengeka, ndipo msika wa pa siteshoni udayamba kudzuka masiku omwewo okha. Azakhali sadaone zambiri za nyengo imeneyi. Adamwalira foni zam'manja zisadafike kumudzi, ndipo duku lawo lomaliza lidasungidwa ndi mlongo wanga m'sutikesi yomwe ija.

Foni zitafika, choyamba kusintha chinali chikwangwani: pansi pa dzina la telala kapena kalipentala adayamba kulembapo nambala. TNM ndi Celtel, imene idadzakhala Zain kenaka Airtel mu 2010, adaimika nsanja zawo pang'onopang'ono, ndipo anthu ankadziwa chulu kapena mtengo umene netiweki imagwira. Chachiwiri chinali ndalama. Airtel Money idayamba mu 2012, Mpamba wa TNM mu 2013, ndipo ntchito ya kondakitala yonyamula ndalama mu envulopu idatha. Chachitatu, chimene kwa ine ndicho chidatsegula zenera latsopano, ndi pamene WhatsApp idabweretsa sitetasi mu 2017. Mayi wogulitsa zitenje kapena kaunjika adapeza malo oyalapo katundu wake pamaso pa aliyense amene ali ndi nambala yake, osalipira malo a pamsika. TikTok idatsatira, ndipo iyo idafikitsa katunduyo kwa anthu amene nambala yako alibe n'komwe.

M'zaka zomwezo Nkaya adadzukanso mbali ya njanji. Kuyambira 2012 kampani ya Vale ya ku Brazil idamanga njanji yatsopano yochokera ku migodi ya malasha ya ku Moatize ku Tete, kulowa m'dziko muno cha ku Chikwawa, kudutsa Mwanza ndi Neno, kudzalumikizana ndi yakale pa Nkaya. Njira yonse kufika ku doko la Nacala-a-Velha ndi makilomita 912, ndipo idatsegulidwa mwamwambo mu Meyi 2017. Mu 2022 idagulidwa ndi kampani ya Vulcan. Nthawi yomanga kunali phindu, amayi ankaphikira antchito a Mota-Engil, nyumba zinkachita lendi. Lero sitima za malasha zimadutsa usana ndi usiku, mabogi oposa 100 kumbuyo kwa mainjini, ndipo ukaima pa siteshoni umachita kutopa kuwerenga. Sitima zazitali chonchi sitidazionepo ndi kale lonse. Koma bogi ya malasha ilibe zenera, ndipo m'menemo mulibe munthu wa njala woti agule chitumbuwa.

Mwana wa mlongo wanga adakulira pafupi ndi sitima zimenezi. Atamaliza Fomu 4 ntchito idasowa, ndiye adatenga ngongole ku banki m'khonde, kugula foni yogwiritsidwapo kale ntchito, ndalama yotsala n'kupikula malambe kwa ana ndi amayi otola m'tchire. Ndidakhala naye masiku anayi ndikuona kagwiridwe kake. Amajambula m'mawa dzuwa lisadakwere, chifukwa kuwala kwa masana a ku Balaka kumayeretsa chithunzi chonse. Sayamba ndi nyimbo kapena kuvina. Amayamba ndi dzanja likuswa dambe, ufa woyera uli mbee m'kati, kenaka nkhope yake, moni, mtengo wa ndowa, ndi mawu akuti ali pa Nkaya. Vidiyo yonse siikwana mphindi imodzi. Ina amaonetsa akusinja ndi kusefa, ina akuyeza pa sikelo singano ikuoneka, ina akusoka thumba. Adazindikira kuti sitima ya malasha ikamadutsa kumbuyo kwake anthu amaonera mpaka kumapeto, ndiye akamva kulira kwake chapatali amathamangira foni. Sitima yopanda ogula ija ndiyo yasanduka chizindikiro chake chachiwiri, pambali pa chitenje.

Ogula ake akuluakulu ndi amayi a ku Lilongwe ndi ku Blantyre opanga mafilizesi ndi juwisi wa malambe. Alinso ndi Amalawi angapo okhala ku Johannesburg, amene amafuna masau ouma ndi ufa wa malambe wothira m'phala, ndipo katundu wawo amapita ndi amathiransipota a mabasi. Munthu akaona vidiyo pa TikTok kapena pa Facebook amalemba kufunsa nambala, nkhani n'kusamukira pa WhatsApp. Kumeneko amanenerera, amagwirizana, wogula amatumiza theka la ndalama. Thumba limakwera kabaza mpaka ku Balaka, limaperekedwa kwa kondakitala, ndipo iye amajambula kavidiyo kena thumba likukwera, nambala ya galimoto ikuoneka, n'kutumizira mwini katundu. Ndidamufunsa chifukwa chojambulira ngakhale zimenezi. "Amalume, munthu amene sadandionepo ndi maso amagona bwanji atatumiza ndalama yake kutchire kuno? Ndiyenera kumuonetsa."

Chimene chidandikondweretsa kwambiri n'chakuti iyenso, monga azakhali, sasokoneza osuzumira ndi ogula. Adandionetsa vidiyo ina imene adajambula mwana wa mnansi akuvina pafupi ndi matumba. Idaonedwa ndi anthu ochuluka kuposa ina iliyonse, mitima yofiira ili mbwee, koma palibe ndi mmodzi yemwe adafunsa mtengo. Ina, yozizira, yongoonetsa iye akutaya malambe ofumbwa pa mulu asadalongedze, idaonedwa ndi ochepa, koma m'menemo ndimo mudachokera mayi wa ku Lilongwe amene tsopano amatenga matumba mwezi ndi mwezi. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Dziko lonse lidaona zoterezi pa agogo Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu. Mu 2020 Patience Namadingo adajambula nawo vidiyo akuimba nyimbo zawo zakale, ndipo chakumapeto kwa 2021 kachigawo kake kadafalikira pa TikTok. Kumayambiriro kwa 2022 nyuzipepala zinkalemba kuti kaonedwa koposa 80 miliyoni, mwini wake ali ndi zaka 92, alibe foni yamakono yoti adzionerepo. Ulemu umene adalandira unali wowayenera kalekale. Koma thandizo lenileni lidawafika pamene anthu ena adanyamuka ndi miyendo kupita kumudzi kwawo, ndipo maso mamiliyoni aja pawokha sakadagula ngakhale thumba la chimanga.

Pali pena pamene zenera latsopanoli ndi loopsa kuposa lakale, ndipo sindikufuna kupabisa. Nthawi ya azakhali mayi wina adayamba kumanga duku lofiira nayenso, n'kumaima chapafupi. Azakhali sadakangane naye. Ogula akamva mawu ankadziwa kuti si iwo, ndipo nkhaniyo idatha yokha. Mwana wa mlongo wanga zidamuchitikira mosiyana. Munthu wosadziwika adakopera mavidiyo ake, nkhope, mawu, chitenje ndi sitima yomwe, n'kuikapo nambala ina. Mayi wina adatumiza ndalama kumeneko, katundu osafika, ndipo adayamba kulemba poyera kuti mtsikana wa malambe wa pa Nkaya ndi wakuba. Mwanayu adakhala masiku awiri osadya. Pa tsiku lachitatu adapita pa siteshoni, kuima pansi pa chikwangwani cha dzina la malo, n'kulankhula pa vidiyo ya pompopompo, akutchula nambala yake yeniyeni mobwerezabwereza. Mwanayu adamutumizira mayi woberedwayo kathumba kakang'ono kaulere, ngakhale mlandu sunali wake. Ine zimandiwawa kuti wakuba wa lero akhoza kuvala nkhope ya mwana wathu, pamene wakale ankangotha kuvala duku.

Chinanso ndi mtengo wolowera. Duku linali la aliyense. Foni yojambula bwino, bandulo ya sabata ndi sabata, ndi sola yotchajira si za aliyense, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu zochokera kunja n'kukwera nayo. Amayi ambiri amene amadikirabe sitima ya anthu ndi malichero alibe foni yotere, ena kulemba uthenga kumawavuta. Tsopano amabwera kwa mwana wa mlongo wanga kuti awajambulire mphasa zawo, nandolo wawo, mbuzi zawo, iye n'kumadyapo kangachepe. Amawachitira chilungamo, ndaona ndi maso anga. Koma dzina limene likukula ndi lake, ndipo amayiwo akubwerera kuseri, kumene azakhali adakana kukhala. Ndidamuuza maganizo angawa. Adakhala chete, kenaka adati adzayamba kuwaonetsa nkhope ndi kuwasiya alankhule okha, amene afuna. Ena akuti akuchita manyazi, ena amuna awo sakulola. Awiri adavomera.

Ndipo pali nkhani ya nthawi. Azakhali ankadziwa tsiku la sitima. Inkachedwa, pena mpaka usiku tikudikira ndi koloboyi, koma inkabwera, ndipo zenera linali pomwepo. Mwanayu sadziwa tsiku limene vidiyo yake idzaonetsedwe kwa anthu ambiri kapena kubisidwa. Amene amakonza zimenezo ali kutali, eni Facebook ndi WhatsApp ku California, eni TikTok ndi kampani ya ByteDance yochokera ku China, ndipo za Nkaya sadazimvepo. Sabata ina mafunso amagwa ngati mvula, sabata inzake zii, katundu ali yemweyo, chitenje chili chomwecho. Foni yake yoyamba itagwera m'madzi adataya manambala onse. Kuyambira pamenepo adagula kope lachikuto cholimba. Aliyense amene wagula kamodzi amamulembamo ndi bolopeni, nambala, kumene amakhala, chimene adatenga, ndi kanthu kena kakang'ono, monga kuti ali ndi mwana wodwaladwala kapena amakonda malambe owawasa. Nyengo ya malambe ikayandikira amatsegula kopelo n'kuyamba kuwapatsa moni mmodzimmodzi, malonda asadawatchule.

Tsiku langa lomaliza kumudzi linali la sitima ya anthu. Adandipempha kuti ndimunyamulire beseni, ndipo tidapita. Mlongo wanga anali atatulutsa duku lija m'sutikesi usiku wake, nditawafotokozera nkhani ya makobidi a pa msomali, koma mwanayu adalipinda bwino n'kulibweza, akuti nlosayenera fumbi. Adavala chitenje chake chachikasu. Sitima itaima amayi adathamangira ku mazenera, iye adatsalira pang'ono chakumbuyo. Pa bogi yachitatu mayi wina wonyamula khanda adatulutsa mutu, kumuyang'anitsitsa, n'kufuula: "Asisi, si inu a malambe a pa TikTok aja?" Adagula timapaketi tiwiri, nati mchemwali wake ku Liwonde amapanga mafilizesi ndipo akufuna thumba lathunthu. Sitima idaliza, mabogi adagwedezeka. Mayiyo ankatchula nambala mofuula sitima ikuyenda, mwanayu akuthamanga m'mbali mwa njanji akuilemba pa mkono ndi bolopeni, ine ndili m'mbuyo mwake ndi chenji cha mayiyo m'manja.